Galimoto Yopanda Chipsera

Lolemba

Uthenga wafika kuchokera ku Nathenje. Alamu anga a Gelesomu, mng'ono wa malemu bambo a Tamanda, akubwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Akubwera ndi azakhali a ana, kudzagawa katundu. Malaya, nsapato, njinga, mipando, atenge. Koma chimene chikuwatenthetsa mapazi ndikuchidziwa: galimoto.

Tsiku lometa lija ndinawamva kuseri kwa nkhokwe: "Galimoto m'manja mwa munthu wamayi? Mlungu umodzi wokha izioneka ngati mbale ya galu."

Chabwino. Mlungu womwewo ndi uno. Akafika apeze ilibe ngakhale pokalika pamodzi, monga anaisiyira mwini wake. Asowe ponamizira.

Sindikuifunira matama. Mkati mwake mukununkhirabe iwo: sopo, fumbi la m'minda ya alimi awo, makoko a malalanje. M'nyumba muno fungo lawo linapita ndi anthu a pamaliro. Latsala m'menemo mokha.

Malamulo awo oimikira galimoto, amene ankandiimbira pondiphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira:

Pansi pa mtengo wa mango ayi. Ana, miyala.
Pafupi ndi ngolo ayi.
Pafupi ndi mpanda wa nkhadze ayi, utomoni umadya penti.
Pafupi ndi galimoto inzake ayi, zitseko zimamenyana.
Pafupi ndi anthu ayi. "Munthu akaona galimoto, msana umafuna potsamira."

Mlangizi woyenda m'misewu ya zitsa zaka zonsezi, galimoto yopanda chipsera! Ine ndingalephere mlungu umodzi?

Vuto ndi lakuti kashedi kake kulibe. Mitengo yake inaphikira pamaliro, udzu unayalidwa pogona azibambo. Ili pabwalo ngati mwana wamasiye.

Lachiwiri

Ndaweruka kusukulu, ndaitsuka, ndaipukuta mpaka ndikudziona m'chitseko: mayi wa mutu wometa, mpango wakuda, maso otupa. Ndayang'ana kumbali msanga.

Ndaiimika pakati penipeni pa bwalo. Mango ali kutali. Nkhadze ili kutali. Malamulo onse ndasunga.

Ndili m'nyumba kuchonga makope a ana, ndikumva kho! kho! kho! Tambala wa a Nachisale, anzanga oyandikana nawo, wapeza mdani m'chitseko chonyezimira chija. Akadumpha, mdani akudumpha. Akajompha, mdani akujompha. Palibe wofuna kugonja.

Ndatuluka ndi tsache, mawu ali tho m'kamwa. Ndawameza onse. Tambalayo ndi wakuda, ngati wa chipani. Masiku ano tambala wakuda satukwanidwa mokweza, pamsewu pamadutsa anthu. Ndangoti, "Pepani bambo, tapitani uko."

Wasiya timizere m'munsi mwa chitseko.

A Nachisale akuti, "Mwaipukutitsa, amzanga. Ikanakhala yafumbi sakanadziona."

Mabuku ndawerenga: a m'kabati ya kusukulu, a malemu, ndi kabuku ka galimoto komwe, kuyambira kuchikuto mpaka kumapeto. Palibe wolemba ndi mmodzi yemwe amene anaganizirako za tambala.

Ndapakapo timatope pang'ono. Sizikuoneka. Alamu si munthu wowerama.

Lachitatu

Mchere watha, palafini watha. Kuisiya pakhomo ndi tambala sindingathe. Ndapita nayo kumsika wa Mitundu.

Malemu ankaimika kutali zedi, kuseri kwa chigayo, pa bwalo lopanda kanthu. Inenso pomwepo. Palibe mtengo, palibe munthu, palibe ngakhale nkhuku. Ndaiyang'ana kawiri ndikupita. Yokhayokha, ngati mfumukazi!

Khadi la chipani ndaonetsa kwa anyamata a pakhomo la msika. Mkati aliyense akundigwira dzanja. "Pepani, aphunzitsi." "Limbani mtima, aphunzitsi." Mayi wa tomato wandiikira basela wamkulu kuposa mulu umene ndagula, kenako walira iye, ine n'kumamutonthoza. Nthawi yapita.

Pobwerera ndapeza mudzi.

Zikuoneka kuti galimoto ikaima penapake, anthu amati pamenepo ndiye poimikira. Ngolo kuno, ngolo uko. Njinga zatsamira chitseko, ina pa inzake. Mayi wina wayanika matewera pa boneti, akuti pakutentha bwino. Agogo ena akhala pa bampala, akusenda nzimbe. Ndipo ng'ombe yamtheno, yaikulu ngati chulu, ikukanda nyanga yake pa chitseko cha kumbuyo, maso ili tsinzi, ikumva kukoma.

Mwini ngolo: "Siluma, amayi. Imangokonda zinthu zosalala."

Mzere wautali, wokhota ngati mtsinje pa mapu. Matope sakugwirapo, ndi pamwamba.

Nanga malemu ankatani? Tsopano ndakumbukira. Iwo sankatsika. Ankakhala m'galimoto ndi nyuzipepala, ine n'kumakagula. Lamulo limenelo sanandiuze: pamafunika anthu awiri.

Lachinayi

A Nachisale andibwereka chigafa chawo. Fodya akadali pa nazale, m'chigafamo mulibe kanthu. Ndalowetsa pang'onopang'ono pakati pa mizati, iwo akukuwa, "Bwerani! Bwerani! Imani! Ayi, bwerani!" Yalowa.

Zofunditsa:
mphasa ziwiri,
ziguduli,
bulangete la Tamanda limene anasiya popita kusukulu ya unamwino.

Masana kwada bii. Mphepo kuchokera ku Dzalanyama. Mvula, kenako matalala, aakulu ngati masawu! Malata akulira ngati agwa. Ine pakhonde ndi tiyi, mtima uli m'malo. Ikanakhala pabwalo! Koyamba chimwalirire bambo a Tamanda ndamva kuti ndachita chinthu chanzeru pandekha. Ndalankhula mokweza: "Mwaona?" Ndayiwala kuti mpando winawo ulibe munthu.

Mvula yakata. Ndapita kukaiona.

Nzeru ya chigafa sinali yanga ndekha. Mbuzi za mbali yonse ino zaganiza chimodzimodzi. Pansi panali madzi, ndiye zakwera. Zina pa boneti. Zina pa buti. Tonde ali padenga penipeni, akubzikula, akundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha malo.

Mphasa imodzi yadyedwa theka. Ziguduli zili pansi. Ziboda zamatope paliponse, ndipo pamene tonde anaterereka potsika pali mizere ngati ya khasu.

Ndatukwana. Mbuzi n'zololedwa.

Lachisanu

Ndaganiza zoitulutsa m'mawa mbuzi zisanatsekulidwe. A Nachisale ali kumunda. Ndilibe wondikuwira.

Chambuyo. Matope. Maso anga ali pa mzati wa kumanzere, chifukwa dzulo umenewo ndiwo unali pafupi. Tayala laterera. Ndaponda mafuta m'malo mwa buleki.

Gu!

Mzati wa kumanja. Chitseko cha kumbuyo chalowa mkati, pangakhale mwana n'kubisala mvula. Nyali yasweka. Chigafa chapendekeka ngati munthu wochokera ku mowa, udzu wagwera pagalasi.

Si tambala. Si ng'ombe. Si tonde. Ndine.

Ndazimitsa injini, ndakhala momwemo. Ndalira. Pamaliro ndinalira monga zimafunikira, anthu akundigwira mapewa, wina akufunsa komwe kuli ufa. Lero ndalira kwanga, mphumi pa chiwongolero, mpaka mamina. Sindikudziwa ngati ndimalirira chitseko.

A Nachisale abwera ndi khasu paphewa. Ayang'ana chigafa, ayang'ana galimoto. Atsekula chitseko, akhala pampando wa kutsogolo ndi matope awo. Kenako: "Chigafachi chinali chogwa kale. Abambo akunyumba akhala akuzengereza kuchikonza. Mwandithandiza."

Akuti ku Nathenje kuli Che Saidi, owongola magalimoto, kuseri kwa sitolo. Lero ali ku mzikiti, ndipite mawa.

Nathenje! Kwa alamu kwenikweniko.

Kusukulu ndafika mochedwa. Ndaphunzitsa za mitsinje. Mutu wapepuka modabwitsa.

Loweruka

Ndadzera msewu wa m'midzi. Polowa m'Nathenje mpango ndautsitsa mpaka m'maso, ngati kuti alamu sangadziwe galimoto ya mkulu wawo.

Che Saidi ndi bambo wamng'ono thupi, wa kapu yoyera ndi nyundo yamtengo. Asanandipatse moni ine, apereka moni kwa galimoto. Aisisita padenga. "Aa, wabweranso, m'bale wanga?"

Wabweranso?

Za maliro anamva. Apepesa mwaulemu, andipatsa mpando. Kenako akuzungulira galimoto, akugogoda ndi chala. Pena pakulira ngwe, ngati chitsulo. Pena pakulira phu, ngati dzungu.

"Apa chinali chitsa, ku Malingunde. Apa nkhokwe ya mlimi. Apa mlatho. Apa mlatho womwewo, pobwerera."

Ndafunsa ngati sakusokoneza ndi galimoto ina. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti malemu anali kasitomala wawo wa pamtima. Akuti chitseko chimene ndaphwanyachi n'chachitatu. Akuti penti wa mtundu umenewu ankasungira iwo okha, chitini chake chikadalipo pa alumali.

Misonkhano ya alangizi ija! Yogona komweko masiku awiri, yobwerako galimoto ikunyezimira! Ine n'kumati boma limakonda misonkhano.

"Ankati, Che Saidi, amayi akunyumba asadziwe. Ndikuwaphunzitsa kuyendetsa, angataye ulemu."

Ndaseka. Ndaseka mpaka ndagwira m'mimba, mpaka mayi wa zitumbuwa wabwera kudzaona ngati ndadwala. Bambo a Tamanda inu! Ndi malamulo anu onse aja, chala m'mwamba! Ndinkaopa kupuma ndikakhala pa chiwongolero. Mlungu wonse uno ndakhala ndikupikisana ndi munthu amene sanakhaleko. Amene analipo ndi uyu, wogunda mlatho umodzi kawiri, n'kubwera kunyumba ndi malalanje. Ndamusowa kwambiri lero kuposa masiku onse, koma mosapweteka.

Chitseko sichingatheke pofika mawa. Kuwongola, kumata, kuuma, penti: mlungu wathunthu. Andimangira nyali ndi waya kuti isagwe.

Ndabwerera nayo momwemo. Mpango ndaukweza. Ndadutsa pakati pa Nathenje.

Lamulungu

Afika ndi basi. Alamu a Gelesomu, akazi awo, ndi azakhali, mlongo wamkulu wa malemu, ndodo m'manja. Sindinaibise. Ili pakhomo, mbali yophwanyikayo kumsewu.

Alamu aizungulira, manja kumbuyo. Awerama, kusiyana ndi momwe ndinkaganizira, apala matope anga ndi chikhadabo. Aloza nyanga, aloza ziboda. Pa chitseko aima nthawi yaitali, akupukusa mutu mokondwa.

"Ndinanena ine. Achimwene zaka zonse zija, osakanda ngakhale pamodzi."

Mawu anafika pa lilime. Ndawabweza. Achimwene awo akhale momwe akuwadziwira. Winayo ndi wanga ndi Che Saidi.

Takhala pamphasa. Malaya agawidwa, nsapato zagawidwa. Njinga ndi mipando ya nsungwi kwa alamu. Pofika pa galimoto, alamu akonza kukhosi, ayamba za kusamala chuma cha banja. Ine maso pansi. Mtima ndinali nditaupereka kale.

Azakhali agogoda ndodo. "Gelesomu, umatha kuyendetsa?"

Alamu akanda m'mutu.

"Ndikufunsa. Njinga yomwe inakugwetsera m'dimba la eni ake."

"Ndingaphunzire, achemwali."

"Uphunzirire pa ife? Ine ndikadwala usiku ndidikire iwe uphunzire? Mlamu wathuyu dzulo wadutsa pa Nathenje ngati mphepo, ndinamuona ndi maso anga. Yopindika imayenda. Ikhale pompano."

Ndatsala pang'ono kuwagwera m'mapazi. Koma sanamalize.

"Ikhale pompano, koma ndi yathu tonse. Matenda, maliro, zinkhoswe, chigayo. Tikatuma mwana, mlamuyu azibwera nayo."

Onse avomera, alamu omwe. Ulendo woyamba lero lomwe: kuwatula ku Nathenje ndi katundu wawo.

M'galimoto:
azakhali ndi ndodo,
akazi a alamu ndi mtolo wa malaya,
thumba la chimanga,
nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo,
mipando ikusuzumira m'buti.

Padenga njinga, yomangidwa ndi luzi. Pedulo ikukhudza penti. Bampu iliyonse: kwee. Kona iliyonse: kwee. Alamu ali kutsogolo, chigongono pawindo, akupereka moni kwa aliyense wa m'njira. "Pang'onopang'ono, alamu, galimoto yathu ingakalike."

Kwee.

Ndabwerako dzuwa likulowa. Mkati mukununkha nkhuku, chimanga ndi fodya wa azakhali. Ndakhala pang'ono zitseko zili zotseka. Pansi pa zonsezo bambo a Tamanda akadalimo, pang'ono.

Makiyi ali pa msomali wanga. Msana ukuwawa. Ndadya bwino.

Lachiwiri azakhali ali ndi nkhumba yopita nayo ku Malingunde. Ndapempha chinthu chimodzi chokha: ikhale kumbuyo.