Tsiku Limene Pikapu Yanga Inayenda Yokha

Mukadzafika pa esiteti yathu ku Ruaka n'kuona kuti udzu wa pakati uli ndi mizere yobiriwira kuposa pena ponse, musadzafunse mlonda wa pa geti. Adzakulozerani ine, ndipo adzayamba waseka kaye asanafotokoze. Bola ndikuuzeni ndekha.

Ndinabwera ku Nairobi kalekale ngati dalaivala wa bungwe lina la mpingo. Popuma ntchito anandisiyira pikapu yomwe ndinkayendetsa, yoyera (kunena zoona, inali yoyera nthawi imeneyo). Ine ndi amayi ake a Tiyamike tinkakhala ku Rongai pa nyumba ya lendi, ndipo ndinawalonjeza kuti tidzabwerera kwathu ku Ntcheu pa pikapu imeneyi, katundu kumbuyo, iwo kutsogolo pambali panga. Ndinazengereza. Injini inafa, kenako iwonso anatisiya, ndipo kwathu anapita pa ndege, ali m'bokosi. Nkhani imeneyo ndiisiye pomwepa. Ndangoitchula kuti mudziwe chifukwa chake munthu wamkulu ngati ine ndinkakakamira chitsulo chosalira.

Mwana wanga Tiyamike atanena kuti ndisamakhalenso ndekha, ndisamukire kwa iye ndi amuna ake a Mbewe ku Ruaka, ndinati ndibwera koma ndi pikapu yanga. Anandinyengerera, ndinakana. Mapeto ake anaitanitsa galimoto yokoka zinzake, ndipo tinalowa pa geti ngati maliro, ine patsogolo, pikapu pambuyo ili pa unyolo.

Moyo wa pa esiteti ndi wabwino, sindinama. Madzi otentha amatuluka pakhoma, tiyi sasowa, anthu amandipatsa moni ndi ulemu, Mzee apa, Mzee apo. Koma pali malamulo. Anawalemba pa chikwangwani chachikulu cha pa geti, m'Chingerezi, ndipo ine amene sukulu ndinayamba ndili ndi ndevu zinanditengera madzulo onse kuti ndifike pansi pake. Nyumba iliyonse ili ndi malo amodzi oimika galimoto, ndipo athu anali kale ndi galimoto ya a Mbewe. Malo a alendo anawajambula motsatana m'mbali mwa msewu umene umatsika kuchokera pa geti, ndipo si osungirapo galimoto zakufa. Kumunsi kwa msewuwo ndiye kuli bwalo la udzu. A Mbewe anandifotokozera kuti omanga nyumbazi sakanapatsidwa chilolezo akanapanda kusiya malo opanda kanthu, oti ana azisewerapo ndi anthu kupumirapo mpweya. Pamenepo palibe kumanga, palibe kuyanika zovala, ndipo tayala lililonse, ngakhale la njinga, silifikapo.

Pikapu ija tinaiika pa malo a alendo oyamba, kumtunda, pafupi ndi geti. M'mawa uliwonse ndinkaipukuta, kenako n'kukhala m'katimo ndi kapu ya tiyi, kumaonerera anthu akupita kuntchito.

Sipanapite nthawi, kunabwera Mama Njeri, wapampando wa komiti ya eni nyumba. Ndi mayi wabwino, mphunzitsi wopuma, wolankhula mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anagogoda pa galasi, anandipatsa moni, anayang'ana udzu umene unayamba kumera m'mphepete mwa matayala.

"Mzee, galimoto iyi imayenda?"

"Imayenda, mama. Ikungopuma."

Anamwetulira n'kunena kuti kupuma kuli ndi malire, ndipo galimoto ikangokhala malo amodzi osasuntha, komiti imaitanitsa anthu kudzaikoka n'kuitulutsa. Madzulo ake Tiyamike anandipempha kuti tiitumize ku Rongai kwa a Kamwendo, mnzanga wa ku tchalitchi amene ali ndi malo akeake. Ndinamuuza kuti ndikhala ndikuganizira.

Ndinaganizadi, koma osati zimene iye ankafuna. Ndinati, vuto la anthuwa ndi loti amaiona pamalo amodzi. Akamaiona lero apa, mkuja apo, ndani anganene kuti ndi yakufa? Ndipo msewu ndi wotsetsereka. Injini ya chiyani pamene Mulungu anaika kale phiri?

Handibuleki inafa kale, giya nayo inkadumpha yokha, ndiye chimene chinkaigwira pikapu yanga ndi mwala umene ndinkautsamiritsa ku tayala lakumbuyo. Madalaivala akale timadziwa kachitidwe kake. Umawongola matayala, kuchotsa mwala, kutsegula chitseko, dzanja limodzi pa chiwongolero, phewa pa chitsulo, n'kukankha. Ikangoyamba kuyenda umalumphiramo, kuponda buleki, kupindira matayala ku simenti ya m'mbali mwa msewu, kutsika, kubwezera mwala. Ndinachita zimenezi m'mamawa anthu asanadzuke, ndipo pikapu inatsika kuchoka pa malo oyamba kufika pa achiwiri bwinobwino. Kumtundako phiri ndi lofatsa, ndinachita kukankha mpaka thukuta.

Zinayenda, abale anga. Pakapita masiku ndinkaitsitsanso pang'ono. Anthu anayamba kundifunsa ngati ndinatuluka dzulo, ine n'kumangogwedeza makiyi. Tsiku lina ndinakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita ku Kawangware kukagula ndiwo, ndipo pobwera ndinaima kaye pa pikapu, kuika thumba kumbuyo, kenako kulinyamulanso pamene anthu akuona (mutu waimviwu, ndithu). Mama Njeri anandiimitsa n'kundipepesa kuti anandiganizira molakwa. Anapemphanso ngati ndingadzawanyamulire mipando ya ku tchalitchi kwawo mwezi ukatha. Ndinayankha kuti sawa, palibe vuto.

Chimene sindinaganize n'chimene mwana wa sitandade wani akanaganiza: galimoto yanga inkadziwa kutsika kokha. Malo a alendo amatha. Ndipo ukamayandikira kumunsi, msewu uja umatsetsereka kwambiri.

Linali Loweruka, mvula itagwa usiku wonse. Ndinachedwa kudzuka, ndipo pofika panja dzuwa linali litatuluka. Ndikanadikira Lolemba, koma mwini galimoto ina anali atandiyang'ana moipa dzulo lake, ndiye ndinati ndiitsitse pa malo omaliza, za mawa tidzaona mawa. Pa udzu paja panali azimayi a pa esiteti, amene Loweruka lililonse amachita masewera olimbitsa thupi. Anali atagona chagada pa timphasa tawo, miyendo m'mwamba, Mama Njeri ali kutsogolo kuwawerengera. Ndinati mwayi wanga, onse akuyang'ana kumwamba.

Ndinawongola matayala. Ndinapita kumbuyo kukachotsa mwala, koma unakana, chifukwa kulemera konse kwa galimoto kunali pa iwo. Pamenepo m'pamene dalaivala wa zaka zanga amayenera kuima n'kudzifunsa chifukwa chake mwala ukukana. Ine ndinakatenga sipanala ya matayala n'kugwada. Ndinaumenya kamodzi, sunasunthe. Ndinaumenyanso mwamphamvu, unathawira pansi pa galimoto.

Pikapu sinadikire kukankhidwa. Podzuka pamene ndinagwada (mawondo anga sadzuka tsiku lomwelo), chitseko chinali kale patali. Ndinathamanga. Ndinagwira chitseko chakumbuyo, chija chotsekera katundu, ndipo chinatseguka n'kundisiya nditakhala pansi m'madzi a mvula, patapata imodzi kuphazi, inayo sindikudziwa mpaka lero.

Ndinafuna kukuwa m'Chiswahili, chinathawa. Chingerezi ndiye sichinabwere n'komwe. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka Chichewa cha ku Ntcheu, thawani, thawani azimayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamva tanthauzo lake. Chinawapulumutsa ndi phokoso la mpanda wa maluwa ukuthyoka. Sindinadziwe kuti Mama Njeri amatha kuthamanga choncho.

Pikapu inalowa pa udzu, inadutsa pa timphasa, inaphwanya botolo la madzi la munthu wina, kenako dothi lofiira lonyowa lija linaigwira matayala, n'kuima pakatikati pa bwalo. Palibe anavulala, tithokoze Mulungu. Kenako mawindo anayamba kutseguka, kuyambira pansi mpaka nyumba zam'mwamba, aliyense foni m'manja.

A Mbewe anatsika atavala zogonera. Mkamwini wanga ndi munthu wa mu ofesi, wofatsa, sanandinyozepo chikwatirire mwana wanga. Anangondifunsa ngati ndapweteka, kenako anati galimoto yawo ndi yamphamvu, tikoke pikapu msanga anthu asanachuluke. Chingwe chinapezeka, koma chinali chachifupi. Apa ndiye ndinalankhula ngati katswiri. Ndinati apongozi, bwererani m'mbuyo pang'ono, matayala awiri okha akwere pa udzu, ine ntchito imeneyi ndaigwira moyo wanga wonse. Anandimvera. Matayala awiri anakhala anayi, ndipo ataponda mafuta, galimoto yawo inakumba maenje n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira.

Tsopano pa malo osafika ngakhale njinga panali galimoto ziwiri, zonse za nyumba imodzi.

Mlonda anakaitana anyamata a boda, a kabaza wa njinga zamoto, amene amaima kunja kwa geti. Anabwera gulu, akuseka, anavula majekete, n'kukankha galimoto ya a Mbewe uku akuimba. Inatuluka, koma pamene inadutsa panaoneka ngati palimidwa ndi thirakitala. Ya ine anaiyesa, inakana. Inagona pa udzu mpaka Lolemba, ana akukwera kumbuyo kwake ngati ndi yawo. Tiyamike sanandikalipire. Anandiphikira tiyi, kundipatsa thawulo, n'kungoti, "Adadi, mukanafa chifukwa cha chitsulo." Zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa.

Komiti inandiitana Lamulungu madzulo, pa mipando ya pulasitiki pafupi ndi geti. A Mbewe ankandimasulira pamene Chingerezi chathamanga. Bambo wina wa nyumba yam'mwamba analankhula nthawi yaitali za chilolezo, za ana, za mtengo wa nyumba umene umatsika ngati bwalo laonongeka. Mayi wa botolo uja anabwera nalo botolo lake lophwanyika n'kuliika patebulo. Atandipatsa mpata, ndinaimirira, ndinapepesa azimayi onse ndi mtima wanga wonse. Ndikanakhala pansi pamenepo. Koma lilime la dalaivala silikhala ndi buleki.

"Komabe, mama, munandifunsa ngati imayenda. Nonse mwaona."

A Mbewe anayang'ana nsapato zawo. Kenako Mama Njeri anayamba kuseka, mpaka kuvula magalasi, enawo n'kutsatira, kupatula mayi wa botolo.

"Taona, Mzee," anatero akupukuta misozi. "Ndiye mawa iyendenso, mpaka kunja kwa geti."

Sindinatsutse. Chigamulo china chinali choti udzu ndibwezeretse ndi manja anga, ndipo ndinagwira ntchitoyo mosangalala, kukwirira maenje, kudzala, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Unamera bwino kuposa wakale. Mipando ya ku tchalitchi anakanyamula ndi galimoto ina, ndipo Mama Njeri amandikumbutsabe tikakumana.

Pikapu ili ku Rongai kwa a Kamwendo, pansi pa mtengo wa mapeyala, pamalo athyathyathya. Nkhuku zawo zimagona kumbuyo. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndimakwera matatu kupita kumeneko, ndipo timakhala m'katimo awiri, mawindo otsegula, kumakamba za kwathu. Sindikudandaula.

Tsiku lina a Kamwendo anandifunsa chimene ndaphunzirapo, akuyembekezera kuti ndinena za kumvera malamulo. Ndinawauza kuti cholakwa changa chinali chimodzi: umayamba wakwera, phazi pa buleki, mwala n'kuchoka pambuyo. Anaseka, nati nanga ukakwera, mwala achotse ndani?

Yankho ndinali nalo. Masiku amene batire linkavuta, tisanasiye kuyendera, ine ndinkakhala pa chiwongolero, ndipo amayi ake a Tiyamike ankamanga chitenje, kuukankha mwala ndi phazi, n'kuthamangira kutsogolo kudzakwera galimoto ikuyenda kale, akundinena kuti tsiku lina ndidzawasiya. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Ine ndinangoiwala kuwerenga kuti tatsala angati.