Makandulo a Alamu Anga

Zinayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 1997, chimfine chitagwira msewu wathu wonse ngati chatumidwa. Alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, anali ometa tsitsi, ndipo chaka chimenecho anatulukira kuti matenda onse a munthu amalowera kukhutu, choncho ayenera kutulukira komweko. Nzeruyo anaitola m'kabuku kothothoka chikuto kamene munthu wina anaiwala m'chipinda chawo chometera. Kuyambira pamenepo dzina lawo lenileni linafa. Aliyense ankangoti a Kandulo.

Makandulowo ankapanga okha. Ankatenga tinsalu totsala kwa atelala, n'kutiviika m'phula losungunula, n'kutikulunga pakamtengo kuti pakati pakhale mphako. Wodwala ankagona chammbali pabenchi, m'munsi mwa galasi. Nsonga ya kandulo inkalowa m'khutu, pamwamba n'kuyatsa moto, ndipo chivindikiro cha chitini chobooledwa pakati chinkatchinga phulusa. Moto ukayandikira zala, ankauzimitsa m'beseni, n'kung'amba chotsalacho ndi lumo, n'kuonetsa wodwalayo zinthu zachikasu zimene ankati utsi wakoka m'mutu mwake.

Woyamba kugona anali amuna anga, Loweruka pa 9 Ogasiti. Anabwera kunyumba nsidze imodzi palibe.

"Nsidze ili kuti?" ndinafunsa.

"Mphepo inalowera pakhomo. Koma mayi, mphuno zatseguka! Ndikumva fungo la chilichonse."

"Mukumva fungo la nsidze yanuyo."

Alamu sankangoonetsa zotulukazo, ankazimasuliranso. Kwa kondakitala wa basi anati, "Izi ndi 'ndikutsika' zonse zimene unakana kumva chaka chino." Mayi wina anakokera mwamuna wake kumeneko, ati samva zonena. Alamu atang'amba kandulo anapukusa mutu.

"Mayi, mawu anu onse ndi awa. Analowa ndithu, koma anaunjikana pakhomo."

Mwamunayo anadzuka n'kupempha kuti khutu linalo alisiye momwemo, azipumirako.

Matenda sankasankha. Mphuno zotsekeka, kandulo. Mutu waching'alang'ala, kandulo. Atelala atadandaula za bondo, alamu anangofunsa ngati ndi lakumanja kapena lakumanzere, kuti adziwe khutu loyatsa.

Ine ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pabenchi paja sindinagonepo ngakhale kamodzi.

"Alamu, utsi sukoka kanthu," ndinkatero ndikamadutsa.

"Aphunzitsi, bwerani mugone kaye. Mwa inu mungatuluke choko wokwana sukulu yonse!"

Tinanyozana chotero pafupifupi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kunena zoona tonse awiri zinkatikomera. Koma Lachiwiri pa 7 Malichi 2006 phula lotentha linadonthera m'khutu mwa amuna anga. Adokotala analichotsa ndi kachitsulo, bambo wamkuluyo akulira ngati khanda, ndipo anatiuza kuti linangotsala pang'ono kuwononga m'kati mwenimweni.

Mlandu wanga ukuyambira apa. Kukwiya kunali koyenera, ndipo mpaka lero sindingalole mdzukulu wanga kuyatsidwa moto pakhutu. Koma ndikanatha kuitana alamu kunyumba, kutseka chitseko, n'kuwaonetsa tili awiriwiri. M'malo mwake ndinadikira masiku anayi kuti lifike Loweruka, tsiku limene chipinda chimadzaza. Ndinavalanso diresi langa lapadera la tsiku lotsekera sukulu.

Ndinaika botolo lopanda kanthu pathebulo, pakati pa zipeso.

"Alamu, ndakubweretserani wodwala."

"Akudwala chiyani ameneyu?"

"Adokotala ndinu."

Anaseka, n'kuzika kandulo pakamwa pa botolo, n'kuyatsa, akutsinzinira anthu diso. Atazimitsa anang'amba. Zachikasu zinali mbwee, kuposa za kondakitala.

Ndinakweza mawu ngati ndili kutsogolo kwa kalasi. "Botolo lilibe khutu. Zimene mukuonazo ndi phula ndi nsalu yopserera ya kandulo yomweyo. Chiyambire 1997 palibe chatulukapo m'mutu mwa munthu aliyense muno."

Kondakitala uja anakuwa, "Botololo lamva zambiri, amayi, lachokera kumowa!" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Atelala anadzigoneka pabenchi. "Za mabotolo zisiyeni, a Kandulo. Yatsani langali."

Chikhulupiriro cha anthu sichinasunthike ngakhale pang'ono. Amene sanaseke ndi alamu okha. Anatenga kandulo ina n'kuyatsa pabotolo pomwepo. Anang'amba, n'kuyang'ana. Anayatsa yachitatu. Atatha anapukuta lumo nthawi yaitali.

"Atelala, dzukani," anatero motsitsa mawu. "Lero n'kumeta basi."

Ine ndinkayesa ndikugwira munthu wochenjera amene ankadziwa bwino zimene akuchita. Ndinali nditalakwa. Alamu ankakhulupirira makandulo awo ndi mtima wonse.

Lolemba pa 13 anafika kwathu chipewa chili m'manja.

"Alamu, inu mumasunga masiku. Ndikumbutseni onse amene ndinawayatsa, ndisadumphe ndi mmodzi yemwe."

Anayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo zinawatengera milungu isanu. Kulikonse ankawapirikitsa. Mayi uja anawaimira pakhonde manja ali m'chiuno: "Mukupepesa chiyani? Bambo akuno anamva zonena zanga miyezi itatu yathunthu, chinthu chimene abusa analephera!" Ena ankabwera ndi makandulo ogula kugolosale kudzawachonderera. Alamu ankangoti, "Pitani kuchipatala. Funsani aphunzitsi akuuzeni."

Sankanena mwachipongwe, ndipo n'chimene chinkandipweteka. Ndikamadutsa ankaimirira n'kundipatsa moni waulemu ngati mlendo. Ankameta mwakachetechete, munthu akametedwa n'kunyamuka. Amuna anga, amene khutu lawo ndilo linapsa, anandiuza tsiku lina tikuanika zovala, "Mayi, zoona unali nazo. Koma zoonazo zinalakwanji kuti uziveke diresi?"

Ndinakonza mawu opepesa kangapo. Nthawi iliyonse ndinkafika pakhomo pawo, n'kufunsa za mvula, n'kubwerera.

Chaka chotsatira manja awo anayamba kunjenjemera, lumo n'kumasiya njira m'mitu ya anthu, ndipo mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye kutali. M'mawa wa ulendowo ndinapita mawu anga ali okonzeka, nditawayeserera pagalasi. Ndisanatsegule pakamwa anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Alamu, mundikhululukire za khutu la achimwene. Pakanapanda inu ndikanagonthetsa msewu wonse. Zikomo kwambiri."

"Palibe kanthu," ndinayankha.

Ine, kuwakhululukira iwo! Mwana wawo analiza hutala, chitseko cha galimoto chinatsekeka.

Chipindacho tsopano muli okonza mafoni, ndipo amene amalowamo amangoyang'ana m'manja mwawo. Loweruka msewu wathu ulibenso poima. Makutu athu onse ali bwinobwino, koma chomva palibe. Atelala mpaka lero akandiona amasuntha mpando wawo kuloza kukhoma, ndipo sindiwaimba mlandu.

Alamu sanabwerenso, ndipo adiresi yawo ndinali nayo, koma sindinawalemberepo kalata. Anachoka Lachiwiri pa 23 Okutobala 2007, nthawi itangopitirira pang'ono 8 koloko m'mawa.