Bokosi la Zinkhwe za Apongozi

Inu, tamverani, ndaona kuti maso anu ali pa chala changa chachikuluchi. Aliyense amaganiza kuti ndinadzimenya ndi hamala. Ine? Zaka makumi awiri ndikupala matabwa, hamala sinandilakwirepo. Inandichita izi ndi mbalame, ndipo mbalame yake ndi ya apongozi.

Apongozi anga aamuna sanavomerepo kuti ndine kalipentala. Chikwatirireni mwana wawo, akamandionetsa kwa alendo amati, "Awa ndi akamwini athu, amakhomakhoma misomali." Amakhomakhoma! Ndinawapangira mpando wandalema, anakhalapo, n'kuugwedeza, n'kufunsa ngati mwendo umodzi unadwalapo uli mwana. Ndinawapangira kabati, anati chitseko chake chimalira ngati chili ndi mlandu. Zinkandiwawa, sindibisa, ndipo zimandiwawabe.

Tsono mkuluyu ali ndi zinkhwe ziwiri zobiriwira, chachimuna ndi chachikazi. Zaka zinayi zinali m'khola limodzi, koma dzira ng'o. Tsiku lina tikucheza kwawo anadandaula kuti akukalamba, adzafa osaona tiana ta mbalame zawo. Pakamwa panga, pamene sipafunsa nzeru kumutu, panayankha kuti vuto ndi chisa basi. Zinkhwe zimaikira m'mphako, ndiye kalipentala weniweni akhoza kuzipangira bokosi loti ziikiremo miyezi itatu isanathe.

"Nanga kalipentala weniweniyo timupeza kuti?" anafunsa apongozi.

Akazi anga anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, koma n'kuti nditayamba kale kudziguguda pachifuwa. Tinapangana pamaso pa alamu anga onse kuti zinkhwe zikakhala kwathu miyezi itatu. Zikaikira m'bokosi langa, apongozi adzatchula mawu oti kalipentala pagulu. Zikapanda kuikira, ndine wokhomakhoma mpaka kumanda.

Abale, bokosi limene ndinapanga! Denga lotsetsereka, kakhonde kutsogolo, bowo lolowera lozungulira bwinobwino ngati kukamwa kwa kapu. Ndinalipaka vanishi katatu mpaka ndinkatha kupesa tsitsi ndikudziyang'anira pamenepo. Anthu ena akugona m'nyumba zodontha, koma mbalame zinalandira nyumba ya bwana.

Nditaliika m'khola pakhonde lakuseri, mukuganiza kuti zinathokoza? Zinathawira pakona, n'kupanikizana, n'kumaliyang'ana ndi diso limodzi ngati ndabweretsa njoka. Masabata awiri zili pakona pomwepo. Akazi anga anati ndi fungo la vanishi, ngakhale iwo linkawayetsemulitsa. Ndinawauza kuti za matabwa azisiyira eni ake. Atangopita kuntchito, ndinatenga sandipepa n'kuchotsa vanishi yenseyo, mtima ukulira.

Kenako akazi angawo anati bokosi lili m'munsi kwambiri, mbalame yanzeru siikira pamene mphaka angasuzumire. Ndinaseka kuseka kwa katswiri. Mawa lake ndinalikweza pafupi ndi denga la khola, n'kunena kuti ganizoli ndinali nalo kale.

Apa ndiye ndinayamba kulondera. Kasanu pa tsiku ndinkakwera pampando, kutsegula denga la bokosi, kusuzumira, kutseka. Ndinkafika pozinyengerera ngati mkhalapakati wa banja, kuziuza kuti zaka zinayi n'zambiri, anthu ayamba kulankhula. Zinkangondiyang'ana.

"Bambo," anatero akazi anga tsiku lina akuyanika zovala, "atate anga akanamatsegula denga la kuchipinda kwathu kasanu pa tsiku kudzaona ngati zatheka, ana atatuwa tikanakhala nawo?"

Ndinatsika pampando n'kukaubweza m'nyumba.

Nditazisiya masiku angapo, chachikazi chinatera pakakhonde kaja. Chinasuzumira m'bowo, chinabwerera, chinasuzumiranso. Ine kuseri kwa katani, mpweya nditaugwira. Ndiyeno chinatsegula mlomo wake wokhotawo n'kuyamba kukukuta m'mphepete mwa bowo. Bowo langa! Bowo limene ndinayeza ndi tepi kanayi! Pofika masana linali ngati ladyedwa ndi makoswe.

Inu mukanatani? Apongozi abwere adzaone ntchito yanga ili manomano? Ndinasakaniza guluu ndi utuchi, ndinamata, ndinasalaza ndi sandipepa, bowo linabwerera mwakale. Zinkhwe nazo zinabwerera mwakale, pakona paja. Patapita masiku anayi chachikazi chinayambiranso kukukuta, ine ndinamatanso. Chinakukuta, ndinamata. Katatu konse tinkasinthana ntchito ngati anthu a mashifiti.

Akazi anga anandiuza kuti ndizisiye, mbalameyo ikukonza khomo la nyumba yake, ngakhale mkazi akalowa m'nyumba yatsopano amayamba wasuntha mipando. Ndinawafunsa kuti pakonzedwe chiyani pa ntchito yomaliza kale. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa Safunsa, chifukwa ndinauzidwa osafunsa n'komwe, phulalo n'kudyabe.

Miyezi iwiri itatha, ndinaganiza zothetseratu mwanowo. Ndinadula kachidutswa ka lata kozungulira koti ndikhome m'mphepete mwa bowo, tione ngati mlomo ungatafune chitsulo. Ndinakwera pampando, misomali kukamwa, hamala kudzanja lamanja, chala chachikulu chakumanzere chitagwira lata. Chachikazi chija, chimene masiku onsewa chinkaoneka chaulemu ngati mtengwa, chinauluka kuchoka pakona n'kudzandigwira chala. Anzanga, mlomo umene umaswa mtedza wouma suona vuto ndi chala cha munthu. Ndinakuwa, misomali inamwazika, mpando unapita kwake, ine kwanga, lata linakagwera m'ndowa ya zochapa.

Chala chinatupa ngati chigubu. Namwino anachisoka, n'kumanga dzanja lonse, n'kulamula kuti masabata atatu ndisagwire chida chilichonse. Anandifunsa kawiri chimene chinandiluma, kachiwiriko ataitana mnzake kuti adzamve nawo.

Ndiye ndinakhala pakhonde, dzanja lili m'mwamba, kuonerera ntchito yanga ikuphwasulidwa. Chachikazi chinakukuta bowo mpaka linakhala lokhota ngati pakamwa pa munthu woyasamula. Kakhonde kanga kokongola kanatha masiku awiri. M'kati chinakukutanso khoma kuti chipeze zoyala pansi. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine sindinadekhe mwa kufuna kwanga, inandidekhetsa ndi bandeji.

Bokosi litafika poipa kwenikweni, poti ngakhale nkhuni zikanalikana, chachikazi chinalowa. Chinakhala m'menemo tsiku lonse, chachimuna chikuchipatsira chakudya pakhomo. Kutatsala masiku atatu kuti pangano lithe, chitatuluka kukamwa madzi, akazi anga anasuzumira kamodzi kokha. Mazira awiri, oyera mbee.

Tsiku la pangano ndinavala malaya ositidwa. Apongozi anabwera ndi alamu anga onse, tinadikira mpaka chachikazi chitatuluka, mkulu uja anakwera pampando pang'onopang'ono. Ataona mazira, maso awo anadzaza misozi, ndipo ndinawamvera chisoni chenicheni. Kenako anatsika, anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kuliyang'ana bokosi lonse kuyambira kudenga.

"Akamwini, khomo ili munapanga ndinu?"

Taonani msampha wake. Ndikati inde, ndiye kuti ntchito yanga ndi yokhota chonchi. Ndikati ayi, ndiye kuti mbalame zinakana yanga. Ndisanasankhe n'komwe poponda, akazi anga okondedwa, mayi wa ana anga, anafotokoza zonse, za vanishi, za guluu, za lata, osasiyako ngakhale za ndowa.

Apongozi anagwedeza mutu. Anati pangano ndi pangano, iwo si munthu wobweza mawu, analonjeza kuti kalipentala weniweni adzamutchula pagulu. Ndinakonza kolala. Anavula chipewa, anandidutsa, n'kukaima kutsogolo kwa khola pamene chachikazi chinkapukuta mlomo pa ndodo.

"Zikomo kwambiri, a kalipentala," anatero. "Pepani kuti wokuthandizaniyu anakuchedwetsani."

Tiana tiwiri tinaswedwa, tili bwino, timakuwa ngati eni nyumba. Ndipo musaganize kuti ndinatuluka chimanjamanja. Masiku ano alendo akabwera, apongozi sanenanso kuti ndimakhomakhoma misomali. Amati, "Awa ndi akamwini athu, amanyamulira mbalame zanga matabwa."