Ndinakazinga Mbozi za Madamu

Mlomo wanga unatupa masiku atatu, ndipo mpaka lero alamu anga a Yusufu akandiona amayamba aseka kaye, moni pambuyo. Lekani ndiulule ndekha.

Ndinali nditangoyamba ntchito ya m'gadeni ku Hillcrest, kuno kudziko la eni, kwa madamu ena achikulire achizungu. Kuseri kwa nyumba anasiyako tchire dala, udzu wolekeza m'chiuno. Tsiku loyamba anandichenjeza kuti, "Uku osatchetcha. Kumaswana agulugufe anga, otuwa amazungulira getsi aja." Ndinagwedeza mutu (mumtima ndikuti chizungu china n'ulesi basi).

Lachinayi lina ndikudutsa m'tchiremo, ndinaona mbozi zonenepa zitakakamira pa udzu. Maso anga anaona mphalabungu za kwathu ku Kasungu, zomwe ndinali nditatha zaka zinayi osalawa. Zoti agulugufe amachokera ku mbozi ndinaphunzira ndithu ku pulayimale, koma nkhuli sinapite kusukulu. Ndinatola chigoba cha majarini chodzaza, kufinya, kuwiritsa ndi mchere, kukazinga ndi tomato.

Kenako ndinaimbira alamu anga aja komwe amakhala ku Point, kuwakhumbiza ndiwo zangazo.

"Alamu, zili ndi ubweya?" anafunsa.

"Pang'ono chabe."

"Eish, tayani zimenezo."

Ndinati ndi nsanje. Ndinadya theka.

Kutacha, milomo inali ngati mandasi awiri osanjikiza, lilime likuyabwa ngati ndanyambita chitedze. Potuluka m'kachipinda kanga ndinapeza madamu ali m'tchire muja ndi kamera, akuvundukula udzu.

"Dzulo zinalipo zambirimbiri," anatero. "Kapena mbalame?"

Atacheuka n'kuona nkhope yanga, kamera inatsala pang'ono kugwa. "Chakuluma n'chiyani?"

Ndinafuna kunamizira njuchi, koma pakamwa pamangotuluka dovu. Chitseko ndinali nditasiya chotsegula, poto ali poyera pa sitovu. Madamu analowa, nasuzumira m'potomo nthawi yaitali. Ine ndikungoona ntchito ikupita, pogona pomwe.

"Wadya," anatero motsitsa mawu. "Ndazidikira chaka chathunthu."

Ananditengera kuchipatala pa galimoto yawo. Namwino atamva nkhani yanga anakaitana anzake awiri (osati kudzathandiza, kudzangoona).

Ntchito sinathe. Masiku ano madamu amandikhazika pansi ndi buku lawo la zithunzi, kundiphunzitsa mbozi iliyonse ndi gulugufe wake. Ndimamvetsera bwinobwino. Funso langa ndi limodzi lokha, ndipo mpaka pano akukana kundiyankha: mwa zonsezi, zodyedwa ndi ziti?