Mfuti ya Malume, Munda wa Apongozi

Lolemba

Mfuti yandichititsa manyazi pamaso pa anyani. Ndili pachulu m'munda wa apongozi, gulu lonse likutsika m'phiri, patsogolo chinyani chachimuna chimene ndimachitcha Kapitawo. Ndiloza, ndikoka chigwiriro cha pansi kuti chipolopolo chilowe: gwa! Kutsogolo chakana, kumbuyo chakana. Ndikumenya ndi chikhatho, ndikunyengerera, ndikutukwana. Kapitawo wakhala pansi n'kumandionerera, chimanga chili kukamwa.

Mfutiyi ndi chifefe chokoka cha malemu malume. Anachipeza kwa mzungu wa fodya kufupi ndi Fort Jameson ine ndisanamere mano. Chakalamba. Mtengo wake ndinamanga ndi waya, kenako ndi chikopa pamwamba pa wayayo.

Vuto ndi ili: pamudzi pano ndine mkamwini, ndipo chondisunga ndi mfutiyi. Pa khasu sindidziwika, ndisaname. Mwamuna wa mkulu wake wa mkazi wanga Naphiri anamupitikitsa chaka chatha chifukwa cha nkhokwe yopanda kanthu, chonsecho iye ankadzuka nkhuku zisanatsike. Chimanga ichi chikapita, inenso ndapita.

Ndiye ndatsimikiza. Sabata ino ndipeza mfuti ina. Ikhale:
yolimba, yoti nane ndidzasiyire ana a mlongo wanga;
yosaopa mvula;
yosafuna kupembedzedwa;
yolira mpaka kwa Zingalume amve.

Ndalama za mtedza zilipo. Ndatumanso mawu kwathu kwa Mlolo, kudzera mwa munthu wa njinga, kuuza mlongo wanga Nabanda kuti ya malume yatopa, ndikuisiya. Chinthu cha malume sutaya mbumba osadziwa. Ndi ulemu chabe.

Lachiwiri

Mapazi akuyabwa, sindingakhale pansi. Ndapita tsidya la dambo kwa a Gilisoni, nkhalamba yomwe ili ndi gogodela, mfuti yamakedzana yothira wonga kukamwa. Akuisisita ngati mwana. "Iyi siifa, mwanawe. Amafa ndi eni ake."

Kuti ilire kamodzi pakufunika:
wonga wa kwa Apwitikizi,
kansanza,
tizidutswa ta misomali,
kansanza kena,
ndodo yotsindira,
ndi munthu wopanda chochita tsiku lonse.

Pamene iwo akutsindira, nyani atha kudya mzere wathunthu, kugona, n'kudzuka ndi njala ina.

Ndayesa kuombera chitsa. Phuu! Utsi utatha: nsidze ya kumanja kulibe, phewa si langa, nkhuku za a Gilisoni zili kuthengo. Chitsa chili chilili. Iwo akuseka ndi nkhama zokha, akuti mfuti ikundipatsa moni. Ndawauza kuti ndikaganize. Ine wa chifefe kubwerera ku gogodela? Sindinafike pamenepo.

Kumunda kunatsala Naphiri. Anyani saopa munthu wamkazi, izi n'zodziwika. Akuti anakuwa mpaka mawu kusasa, Kapitawo n'kumadutsa pambali pake ndi chimanga m'khwapa. Mizere ya kuphiri yapita. Naphiri wandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, kenako wafunsa ngati mfuti yatsopanoyo imametanso ndevu.

Lachitatu

Ndayipeza! A Layitoni, amene abwera posachedwa kuchokera ku Halale ndi chipewa ndi nsapato zolira, ali ndi chifefe cha milomo iwiri. Palibe chokoka, palibe chokakamira. Uthyola pakati, uika zipolopolo, utseka: kha! Chitsulo chakuda bii, mtengo wosalala. Ndachinyamula paphewa ndipo ndamva ngati ndatalika. Akugulitsa chifukwa akubwerera kuntchito. Tagwirizana. Akuti ndingobwera ndi chilolezo cha ku Boma, chifukwa iwo ndende saifuna. Nkhani yaing'ono imeneyo. Laisensi ya mfuti ya malume ndimadula chaka ndi chaka.

Pobwerera ndikuimba mluzu, ndangoona apongozi akubwera m'njira momwemo, mtolo wa nkhuni pamutu. Mwambo ndi mwambo, sitipenyana. Ndalumphira patchire. Patchirepo pali chitedze.

Ndili chigwadire, thupi likuyaka, kukanda sindingathe chifukwa masamba angagwedezeke. Iwo sakufulumira. Aima pomwepo, n'kuyamba kulankhula ndi galu wawo: "Iwe galu, anthu ena akuyendayenda ngati amesenjala, chimanga chikutha. Kaya adzadya mfuti."

Galu sanayankhe. Inenso ayi.

Naphiri wandipaka phulusa msana wonse. Ndamufotokozera za milomo iwiri, iye n'kuti ya malume bwanji osayamba ndaithira mafuta. Akazi ndi mfuti! Mtima uli m'mwamba, ndikungoona Kapitawo ali chagada.

Lachinayi

Alendo. Mlongo wanga Nabanda ndi mwamuna wake, alamu anga a Yotamu, afika dzuwa lili paliwombo. Ndimayesa abwera kudzazonda. Atamwa madzi, Nabanda wayamba: mawu anga anafika, mbumba yakhala pansi, yathokoza. Popeza ya malume ndatopa nayo, ibwerere kwawo. Kumenekonso anyani aliko.

Ine ndinati ndikuisiya, sindinati bwerani mudzatenge! Koma ndinene bwanji? Pakhonde padzaza abale a Naphiri, apongozi ali kuseri kwa nkhokwe, makutu ali kuno. Ine ndine nkhoswe ya Nabanda ndi ana ake. Ndiyambe kukanganirana ndi mlongo wanga chitsulo chakufa, pamudzi pa eni, aliyense akumva? Mfutiyo ndi ya mbumba, ine ndinkangosunga. Zimenezi ndimazidziwa kuyambira tsiku la maliro.

Ndiye ndalowa m'nyumba, ndaitulutsa, ndaipereka ndi manja awiri. Ndawonjezanso mawu, mokweza kuti afike kuseri kwa nkhokwe: "Tengani, mlongo wanga. Kuno kukubwera ya milomo iwiri." Zipolopolo zotsala ndaperekanso. Palibe anandipempha.

A Yotamu aimangirira panjinga ndi luzi. Pamene akuzimiririka pa mtengo wa mpundu, ndabwerera m'nyumba. Pakhoma patsala msomali wokha. Ndalira pang'ono, za malume, osati za mfuti.

Mawa kukhoti la mfumu, akuti kwabwera mesenjala wa ku Boma.

Lachisanu

Mesenjala ndamupeza atakhala pamthunzi, akudya nthochi za munthu wina. Ndavula chipewa, ndafotokoza zonse. Wamvetsera bwinobwino, n'kutambasula dzanja: "Yakaleyo ili kuti?"

Akuti masiku ano a Chitaganya zifefe za anthu akuda n'zowerengeka. Laisensi yanga ndi ya mfuti ya malume, osati ya ine. Wofuna ina apereke yakale ku Boma, Bwana aione ndi maso kuti yafadi. Popanda yakale, ndilowe pamzere wa oyamba kumene, ndipo pamzerepo pali anthu amene anamera imvi akudikira.

Dzulo lomweli inali pakhoma panga!

Ndathamangira kwa a Layitoni kuti andibwereke kaye mpaka tikolole. Aseka, akuti ku Halale anaphunzira kuti pepala limayamba, chifundo chimabwera pambuyo. Basi yawo ndi ya sabata yamawa, ndipo mphunzitsi wina wa kwa Zingalume, wa mapepala ake kale, akuifunanso.

Madzulo ndayesa nzeru. Ndatenga mpini wa khasu, ndaupaka makala, ndamangapo chingwe, ndakwera pachulu. Anyani atsika. Ndaloza. Ang'onoang'ono athawa ndithu. Kapitawo waima, wapendeka mutu, wayang'ana mpini, wayang'ana ine. Kenako wathyola chimanga chachikulu kwambiri n'kusenda pang'onopang'ono.

Zotsala m'munda:
mbali ya kudambo,
maungu,
ine.

Naphiri sakuyankhula zambiri. Kuli bwino akanandikalipira.

Loweruka

Njinga ya eni, tayala lakutsogolo lodzaza udzu, ulendo wa kwa Mlolo. Njira yonse ndikukonza mawu: ndingobwereka, ndikaonetse ku Boma, basi. Pakati panjira ndakumbukira kuti ikapita ku Boma sibwerera. Ndapalasabe, poti kubwerera n'kutali.

Nabanda wandilandira bwino, wandiphera nkhuku. Nditatchula za mfuti, waika chipande pansi. Akuti ya malume ndikaipereke kwa azungu aiphwanye? Akuti ndinaipereka ndekha ndi manja awiri pamaso pa anthu, tsono amene analavula malovu pansi sawatolanso. Ndipo mfutiyo palibe, a Yotamu apita nayo kumunda.

Ndikuseka mumtima, kuti akaone zomwe ndinaona Lolemba. Tili pakati pa kudya, kuphiri: dii! Kenako dii! kachiwirinso. Mawu ake ndimawadziwa ngati chifuwa cha malume.

A Yotamu abwera akumwetulira. Akuti anaiviika m'palafini, m'kati munatuluka chisa cha mavu omanga ndi dothi. Sindinafunse zambiri. Nkhuku yandikanika.

Pobwerera ndadzichepetsa, ndadzera kwa a Gilisoni. Gogodela yapita dzana, aitenga a kwa mkazi wa mwana wawo, kusinthana ndi mbuzi. Akuti ankayesa ndikuganizabe. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine anga anali atatu, ndipo mvula yandipezadi padambo.

Ndafika kunyumba chonyowa. Abale a Naphiri akhala bwalo kwa apongozi. Nditangotulukira, onse chete. Ndikuopa, ndinene zoona. Kwathu ndikabwerera ndi chiyani, nanga ana anga atsala kuno?

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Anyani sadziwa Sabata.

Ndakwera pachulu ndi chitini cha palafini ndi kamtengo. Ine, amene anthu ankanditcha mlenje, ndikuimba chitini ngati wofuna kugwira njuchi. Chikugwira ntchito pang'ono. Ukasiya kuti ukande pomwe padakali chitedze, anyani abwera. Ukayambanso, abwerera mapazi awiri. Kapitawo wakhala pamwala, akudikira kuti dzanja langa litope. Iye safulumira, alibe apongozi.

Za mfuti ndasiya. Yolimba inali ija. Ndalama za mtedza zigula chimanga m'mwezi wa njala, ngati ndidzakhale ndili kuno.

Belu la tchalitchi litalira kachiwiri, ndaona Naphiri akubwera m'mizere, atavala nsalu yake ya Sabata, m'manja muli beseni lobooka. Wakwera pachulu osandiyang'ana. Ndafunsa ngati kumudzi kuli bwino.

"Amayi anatulutsa mphasa yanu ndi khasu, n'kuika pakhonde."

Kamtengo kandigwa m'manja.

"Ine ndazibwezera m'nyumba. Tolani kamtengoko, a Banda, muziimba mbali ya kuphiri. Ine ya kudambo."

Tikuimba. Manja akupweteka, makutu agontha, ndipo Kapitawo wabwerera m'phiri wopanda kanthu m'khwapa. Mawa abweranso, ifenso tibwera.