Tsiku Limene Ndinakunga Piyano ya ku Zemba

Amene akufuna kuseka aseke tsopano, amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Ndakumvani mukunong'onezana kuti Mbewe ndi wokonza njinga chabe, za piyano angazidziwire kuti. Zikomo kwambiri. Inu amene munakhala m'kalasi mpaka kumera ndevu, tandiuzani: piyano ili ndi mawaya angati m'mimba mwake? Mwaona, zii. Khalani pabenchipo, njinga zanu sizithawa, mumve zimene manja awa anachita.

Chinali chaka chimene mwana wa aNaphiri anadzozedwa unsembe. ANaphiri mukuwadziwa, amayi amasiye aja otsogolera kwaya ku tchalitchi chathu chaching'ono cha kuno ku Zemba, amene analera mwanayo ndi khasu ndi thonje basi. Mwana anatumiza uthenga kuti Misa yake yoyamba adzachitira kwawo, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti nyimbo imene malemu bambo ake ankaikonda idzayimbidwe ndi piyano, monga ankamvera ku seminale. Mayi sanafunse kuti piyano ikachokera kuti. Anangoyankha kuti idzakhalapo.

Ku mishoni kunali piyano yakale imene masisitere anaikankhira m'chipinda cha makasu atagula kachipangizo kamagetsi kaja kolira ngati foni. Titakapempha, abambo mfumu anavomera msangamsanga, mpaka kutitsegulira chitseko okha, ndipo pamenepo tikanakhala anzeru tikanakayikira. Tinaikweza pangolo amuna khumi ndi awiri, ng'ombe zinatembenuka, n'kuyang'ana katunduyo, n'kuyang'ana ife, imodzi n'kugwetsa misozi, ndiye tinayenda nayo m'zigwembe, mumchenga, m'madambo, ikulira yokha pa bampu iliyonse ngati mbuzi yopita kumsika, agalu a midzi itatu akutilondola poyesa kuti mkatimo muli chinyama chimene chatsala pang'ono kutsirizika.

Titaiika m'tchalitchi, aZulu, aphunzitsi opuma amene anali oti adzaiyimbe, anakhala pampando, n'kupinda mikono ya malaya, n'kudina. Azimayi amene ankasesa panja anaponya matsache n'kuyamba kubuma, akuyesa kwagwa maliro. AZulu anaijambula pafoni n'kutumiza kwa katswiri wina wa m'tauni, ndipo katswiriyo, munthu wa masatifiketi ake, anayankha mawu awiri okha: "Wazani nkhuni." Kunali kutatsala masiku atatu. ANaphiri anangokakhala pakhonde la tchalitchi, manja atapinda m'chitenje, akuyang'ana msewu umene mwana wawo adzadzere.

Apo m'pamene ndinapita kukatenga sipanala yanga.

"Achimwene," anatero aZulu, "iyitu si njinga."

"Zoona aphunzitsi," ndinatero ine, "njinga imayenda."

Mukumva? Gudumu la njinga ndi piyano ndi pachibale. Sipoko yolefuka ukaigogoda imalira ngati chitini, yokungika bwino imati ngwee, ndipo ine zaka zonsezi magudumu ndimawongola ndi khutu, maso amangoperekeza. Kusiyana kwake n'kwakuti piyano ili ndi mawaya oposa mazana awiri, aliyense wokulungidwa pa kachitsulo kake kamene umapotokola kuti akungike, ndipo malo ena ukadina kamodzi, kanyundo kamamenya mawaya atatu amene ayenera kulankhula mawu amodzi, chinthu chimene komiti ya tchalitchi chathu sinachitepo chiyambire.

Nditachotsa thabwa lakutsogolo munatuluka mbewa, mtundu wonse mpaka azakhali, zikundipatsa moni mwaulemu poti paja ndine Mbewe, munatuluka mavu, munatuluka nkhuku imene masisitere anaisowa kalekale ili ndi zidzukulu kumbuyo, ndipo pansi penipeni ndinapeza nsawa zodzaza dengu, zosenda kale, zosankhidwa bwino kuposa zimene inu mumapita nazo kumsika. AZulu anabwera ndi foni yawo yokhala ndi kasingano koonetsa ngati waya wafika pamalo pake. Ndinagogoda waya woyamba, kasingano kanazungulira katatu, foni n'kuzima. Sayansi inathera pomwepo. Ine ndinapempha aTembo, akatekisiti athu, kuti akamenye belu, limu ya gudumu la lole ija yopachikidwa mumtengo wa mango, poti iyo yokha ndi imene sinasinthepo mawu m'parishi muno. Mawu oyambira ndinatenga pamenepo.

Ndiye ndinayamba kukunga. Waya woyamba, wachiwiri, wachikhumi, pang'onopang'ono, chifukwa waya wa piyano ali ngati apongozi, sumukoka, umamunyengerera. Pofika makumi asanu mazenera anatseguka okha, pofika zana makoma a tchalitchi anayamba kuyandikirana moti benchi ya anthu asanu ndi atatu inkakwana asanu, pofika zana ndi theka nthaka yomwe inayamba kukokeka, msewu wa ku boma n'kufupika, mayi wina amene ananyamuka kupita kusikelo anangozindikira ali pamzere wa kuchipatala asanamalize kubereka mwana kumsana. Ndikulumbira pa sipanala iyi. Kafunseni anamwino, ngati sanawasamutse.

Tsiku lachiwiri masana, waya wina wa mawu aakulu, wonenepa ngati chala changachi, unaduka. Unatulukira pazenera, unameta aTembo ndevu za tsaya limodzi bwinobwino osawatema, unagwetsa mkoko wa nthochi kuseri kwa tchalitchi, unasenga udzu wa dambo lonse n'kuusiya uli m'mitolo, unadutsa ku Mlolo anthu akuyesa ndege, n'kuwoloka malire kukagwera ku Mozambiki, kumene mpaka lero mudzi wathunthu ukuyanikapo zovala. Wina akanakhala pansi n'kulira. Ine ndinapita kwa mlamu wanga wosaka nyama, ndinamulanda waya wa msampha wa nguluwe, ndinaukhula ndi mchenga, n'kuumanga pamalopo. Unalira bwino zedi. Kungoti ukaudina n'kuchedwa kuchotsa chala, kumapeto kwake kunkamveka kakung'ung'udza pang'ono, koma Mulungu analenganso nguluwe.

Loweruka dzuwa likupendeka piyano inali itakhala bwino. AZulu anayesa nyimbo ija, n'kusiya, n'kuyang'ana zala zawo ngati zobwereka.

Tsono chimene akatswiri a pafoni sangakuuzeni n'chakuti piyano imamvera nyengo kuposa mlimi. Kukatentha mawaya amalefuka, kukachita chinyezi matabwa amafufuma n'kukoka zonse. Unali mwezi wa Okutobala. Lamulungu m'mawa kunafika anthu a ku Zingalume, a ku Mlolo, a pa njinga, a pa ngolo, a pansi, ena amene anali asanapondepo m'tchalitchi chibatizidwire, onse kudzaona mwana wa aNaphiri atavala mkanjo, n'kudzazana mpaka m'mazenera, thukuta likukwera m'mwamba ngati nthunzi ya mowa pamoto. Nyimbo yolowera isanathe, khutu langa linamva mawaya akuyamba kutsetsereka, wina uku wina uko. Nyimbo ya malemu inali isanafike.

Mukumva? Ndinakwawa pakati pa miyendo ya a kwaya, ndinachotsa thabwa lapansi, n'kulowa m'piyanomo, ine munthu wamkulu wa ana asanu ndi awiri, sipanala m'manja. AZulu akudina kunja, tinyundo tikundiwomba pamsana ngati amayi akupuntha nyemba, ine ndikuthamangira kutsogolo kwa zala zawo, kukunga waya aliyense kanyundo kasanamufike, ngakhale amene aZulu ankadina molakwitsa ndinkamusandutsa wolondola ali m'njira. Ndiye itangoyamba nyimbo ya malemu, waya wa nguluwe uja n'kupulumuka pa kachitsulo kake, manja onse ali otanganidwa, ndinauwakha ndi mano, n'kuukoka ndi khosi, n'kuugwira choncho ndime zonse zinayi. Mumayesa mano awiriwa anapita ndi nzimbe?

Mawu amene anatuluka tsiku limenelo sindidzawamvanso. Aakulu anagwedeza nthaka moti nsawa zotsalira m'minda zinatumphukira pamwamba zokha, aang'ono anali okoma moti inswa zinatuluka m'chulu poyesa kuti mvula yagwa, ndipo mitambo, itaona kuti inswa zatsogola kale, inachita manyazi n'kubwera nayo mvulayo. Koma ine chimene ndinaona, ndikusuzumira pa mng'alu wa thabwa, ndi wansembe wachinyamata uja ataima chilili paguwa, buku lili lotsegula, osawerenga, milomo ikutsatira nyimbo ya bambo ake. Amayi ake anali atatsitsa manja, asiya kutsogolera. Kwaya inadziyendera yokha mpaka kumapeto.

Misa itatha anthu onse anathamangira kwa aZulu. Anawagwira chanza, anawaveka chitenje m'khosi, abambo mfumu anawatchula dzina kawiri. Mwachita bwino aphunzitsi, zala zagolide aphunzitsi. Ine ndinatuluka m'piyanomo chafutambuyo, msana uli zidindo zokhazokha, palibe anandifunsa ngakhale madzi. Ndikupukuta sipanala kuseri kwa tchalitchi, ndinangoona aNaphiri afika, n'kugwada pamatope pomwepo ndi chitenje chawo chatsopano.

"Achimwene," anatero, "bambo ake amva."

Ine pakamwa panali potupa, ndinangogwedeza mutu.

Ndikudziwa, alipo ena amene amati tsiku lija ng'oma zinali zinayi, visekese khumi, nthungululu osanena, moti piyano sinamveke ngakhale kwa aZulu eni ake. Anthu otere ngakhale mutawaika pakati pa angelo angadandaule kuti mapiko akuchita phokoso.

Mukuti chiyani, aSakala? Mukufuna mukaione nokha? Pitani, ili pomwe tinaisiya, azimayi amasungiramo nsalu za paguwa. Koma musavutike n'kudina, siilira. Mawaya mulibe, anatha. Musandiyang'ane choncho. Inu mumayesa mabuleki a njinga za Zemba yense uyu, zaka zonsezi, ndimakonza ndi chiyani? Yanuyi ndinaikamo dzulo waya womaliza, wa mawu aang'ono. Mukamatsika chitunda cha kudambo mugwire buleki, mutchere khutu, kenako mubwere mudzanene pamaso panga kuti Mbewe sadziwa kukunga piyano.