Khoma Lodziwa Kogwera

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge poopa milandu, chivomezi chinagwetsa nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera. Fumbi lisanakhazikike n'komwe, kunabadwa Komiti Yaikulu Yolimbana ndi Zivomezi, ndipo a Chidzanja anadzisankha okha kukhala Wapampando Wamuyaya.

Ntchito yomanganso inagwera mmisiri Zakeyu Mbendera, amene mkazi wake, Nagama, anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Zakeyu anaimika zipilala za konkire n'kuyamba kuyala njerwa pakati pake. Ankadziwa kuti khoma lotere limafunika kulimangirira ku zipilala ndi waya, apo ayi limangoima ngati mlendo: nthaka ikagwedezeka, limatsanzika.

"Wayayu akalowa m'khoma, alendo amuona bwanji?" anafunsa a Wapampando.

"Samuona, bwana. Ntchito yake ndi kugwira khoma."

"Chitukuko chobisala ndi chitukuko chanji? Akatchingire maluwa kumasoku."

Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi ndi iwiri ya komiti inangogwedezera pamodzi. Zakeyu anachita mantha, komabe anapereka wayayo. Waya anakatchinga maluwa, makoma n'kulandira penti kawiri.

Tsiku lotsegulira, nthaka inali phee. Amayi anangoyamba chimtali, ng'oma n'kulira, mapazi n'kugunda pansi, basi khoma lakumadzulo linachoka lonse pakati pa zipilala zake n'kugwera kunja. Zakeyu mtima unakhala pansi. Mumtima anati tsopano a komiti amva, waya abwerera.

A Wapampando anasasa fumbi pajekete, natembenukira kwa mlendo wolemekezeka.

"Mwaona nokha, bwana. Makoma a kwina amagwera anthu. Lathuli laphunzitsidwa kugwera kunja."

M'manja munawombedwa, nthungululu zinalira. Mlendo analamula kuti luso limeneli lifalitsidwe m'midzi yonse yozungulira.

"Bwana, makoma atsalawa ndi atatu," Zakeyu ananong'oneza. "Sindikudziwa kumene adzagwere."

"Kudzichepetsa kwanu tikukudziwa, amisiri," anayankha a Chidzanja.

Komiti inakhala pansi kukambirana mphoto yoyenera munthu waluso chotere. Ena anati mbuzi, ena satifiketi, koma zonsezi zinaoneka zochepa. Pomaliza a Wapampando analengeza kuti Zakeyu tsopano ndi Katswiri Wamkulu wa Makoma Omvera, ndipo pomuthokoza, mkazi wake ndiye akhale woyamba kugona m'nyumbamo, pabedi lotsamira khoma.